Kudzidalira m'nyumba ya lendi: dimba la m'matumba ndi thumba la chimanga

(Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa makalabu omvera wailesi a m'tauni ya Milange. Tawasindikiza kuti makalabu amene sanatumize nthumwi awawerenge ndi kukambirana.)

 

Mutu wa lero unachokera kwa inu nomwe. M'makalata amene makalabu amatumiza muli dandaulo limodzi lobwerezabwereza. Akuti mapologalamu a ulimi amalankhula ndi munthu amene ali ndi munda: lima mizere yotere, bzala tsiku lakuti, palira kawiri. Nanga ife a lendi, okhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri, khonde laling'ono, bafa ndi chimbudzi zogawana ndi mabanja anayi, tiziti chiyani? Dandaulo limeneli ndi loona. Muno muli aphunzitsi ochokera ku Mocuba ndi ku Gurúè, anamwino, anyamata a njinga ndi njinga zamoto, amayi a geni ya kumsika, ana a sukulu ochita lendi. Ambiri alibe ndi mzere umodzi womwe.

Ndiyambe ndi chimene mwina simukondwa nacho. Nsima situluka pakhonde. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limatha thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa mwezi, mwina ndi kupitirira, ndipo palibe khonde limene lingabereke matumba 12. Wina akadzakuuzani kuti mungadzidalire pa chilichonse muli m'chipinda cha lendi, ameneyo akufuna kukugulitsani chinachake. Koma tawerengani ndalama imene imatuluka m'nyumba tsiku ndi tsiku. Ufa mumagula kamodzi, nkutha masiku. Chimene chimadya ndalama mwakachetechete ndi ndiwo, tomato, anyezi, makala, madzi. Apa ndiye pamene munthu wa lendi ali ndi mphamvu, ndipo ndikhalitsa pamenepa.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Mu 1986 nkhondo itafika m'tauni muno, anthu ambiri anawolokera ku Malawi, ndipo anakhala kumeneko kufikira mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa ku Roma. Amayi ena muno akukumbukira bwino momwe ankaponyera njere za maungu kuseri kwa kanyumba pa malo a eni, kuti ana asamadye nyemba zokhazokha. Ku Maputo, m'zaka za m'ma 1980, pamene chakudya cha kumidzi chinkalephera kulowa mumzinda, boma linalimbikitsa zimene ankazitcha Zonas Verdes, ndipo amayi ambiri m'makopaletivi anadyetsa mzindawo masamba ndi nkhuku kuchokera m'zigwa za m'mphepete mwake. Ku Kibera, mumzinda wa Nairobi ku Kenya, kumene nyumba zinapanikizana moti pakati pake pamangodutsa munthu mmodzi, anthu amalima masamba m'matumba oimika pakhomo. Njira ya matumbayi ndi imene ndikufuna tiitenge.

Chifukwa chake n'chiyani thumba, osati kungolima pabwalo? Chifukwa bwalolo si lanu. Mukalima pansi, tsiku limene eni nyumba adzati samukani, mwana wawo akubwera kuchokera ku Quelimane, masamba anu atsala. Thumba mumalikweza pa wilibala kapena pa njinga, nkupita nalo. Chachiwiri, dothi la pabwalo la nyumba za lendi ndi lopondedwa, lodzaza ndi mapulasitiki ndi madzi a sopo. Chachitatu, thumba limabereka pamwamba ndi m'mbali momwe, ndiye malo a phazi limodzi amagwira ntchito ya bedi.

Kapangidwe kake mvetserani bwino, chifukwa ambiri amalakwitsa poyamba pomwe. Tengani thumba lakale la ufa, la mpunga kapena la feteleza, mulichape. Sakanizani dothi lakuda la pamwamba ndowa ziwiri ndi manyowa owolerana ndowa imodzi. Ndati owolerana. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbande tsiku lomwelo. Ngati dothi lanu ndi lamakande, lomata, onjezerani mchenga pang'ono. Tsopano pezani chitini chachikulu, muchotse pansi pake kuti chikhale ngati paipi. Muchiimike pakati pa thumba, mkati mwake muthire timiyala, kunja kwake muthire dothi. Dothi likafika pakamwa pa chitini, chikokeni m'mwamba, muthirenso timiyala, muthirenso dothi, mpaka thumba lidzaze. Mukatero pakati pa thumba patsala mzati wa miyala kuyambira pansi mpaka pamwamba. Madzi muzithira pa miyalapo, ndipo amafika ku mizu yonse. Popanda miyala, madzi amangonyowetsa pamwamba, mbande za m'munsi nkufota, munthu nkumati njirayi ndi yabodza.

Thumba likadzadza, lithirireni, ligone masiku awiri kapena atatu kuti dothi likhazikike. Kenaka boolani m'mbali ndi mpeni, mabowo otalikirana ngati chikhatho chotambasula, osati pa mzere umodzi woongoka kuti chomera cha pamwamba chisaphimbe chinzake. Musachite umbombo. Mabowo 15 pa thumba la makilogalamu 50 akwana. Wokerani madzulo dzuwa litapepa. M'mbali muike repu, mpiru, tchayinizi. Pamwamba anyezi wa masamba, kapena tomato mmodzi ndi kamtengo komugwiriza. Pakatha milungu itatu kapena inayi mwayamba kuthyola, ndipo muzithyola masamba a m'munsi, mtima muzisiya. Matumba anayi kapena asanu osamalidwa bwino, obzalidwa mosiyanitsa masabata, amachotsa masiku angapo pa mlungu amene mukanapita kumsika kukagula masamba.

Dzuwa ndilo lovuta pa nyumba zathuzi. Masamba amafuna dzuwa pafupifupi theka la tsiku. Musanadzaze thumba, khalani tsiku limodzi mukuyang'ana pamene dzuwa limagwa pakhomo panu, chifukwa thumba lodzadza ndi lonyowa silisunthika mwamasewera. Ndipo dzuwa lomwelo limadya thumba. Pakatha chaka limayamba kung'ambika. Dothi musataye, muwonjezere manyowa, muthire m'thumba lina.

Ndiye pali masamba athu amene sasowa ndi mbewu ya kusitolo: bonongwe, chisoso, luni, kholowa, nkhwani, khwanya. Ena mukuseka, mukuti chisoso n'kubzala? Inde. Beseni lobooka lija mukufuna kutaya, mwazamo njere za bonongwe, muone. Bonongwe sagwidwa ndi tizilombo ngati repu, amapirira kutentha kwa Okutobala, ndipo mukasiya mtengo umodzi ukhwime mwapeza mbewu ya chaka chonse. Ine ndimaona kuti tinawanyoza masambawa chifukwa chofuna kuoneka a m'tauni, basi. Shushu ndi maungu zimayanga, sizifuna malo pansi. Muzipangire kathandala ka nsungwi. Koma musaziyangitse pa malata a eni, zimasunga chinyezi, malata nkuchita dzimbiri, mlandu nkuyamba.

Za mbatata ndinenepo mwapadera. Mbatata yofiira mkati ija, yokhala ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi chitetezo cha thupi la mwana, boma lathu la Milange linali limodzi mwa maboma a Zambezia kumene inafalitsidwa pakati pa 2006 ndi 2009, pamodzi ndi Gurúè, Mopeia ndi Nicoadala. Mayi Maria Andrade, katswiri amene wagwira ntchito ya mbatata imeneyi kuno ku Mozambique zaka zambiri, anali mmodzi mwa olandira mphoto ya World Food Prize mu 2016. Choncho mbewu yake ilipo m'midzi yotizungulira, ya kwa achibale athu omwe. Pemphani zingwe zochepa, mubzale m'thumba logoneka kapena m'tayala lakale. Mbatata zake sizidzakhala zambiri, koma kholowa mudzathyola miyezi ndi miyezi, ndipo timbatata tochepato n'tokwana phala la mwana.

Tsopano madzi, chifukwa ndikudziwa kuti funso loyamba likhala limenelo: madzi timagula pa chigubu, tithirire masamba? Kuno tili ndi mwayi umene anzathu a ku Tete alibe. Tili pakati pa mapiri, Tumbine apa, Mulanje uko, ndipo mvula imabwera yambiri. Ngakhale m'miyezi yozizira timalandira chiperoni, kamvula kowaza kaja. Mwa njira, dzina limene a ku Malawi amatchulira kamvula kameneka linachokera ku phiri la Chiperone, la m'boma lathu lomwe lino, mukawoloka muziwakumbutsa. Tawerengani nane. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi. Denga la chipinda cha mamita 4 ndi mamita 5, mvula ya mamilimita 10 yokha, ndi malita 200. Diramu lathunthu. Madzi onsewo amangogwera pansi nkukumba maziko a nyumba. Kachidutswa ka lata kopinda ngati ngalande, kapena nsungwi yaikulu yong'amba pakati, n'kokwana kuwalondolera mu diramu. Madzi oyamba a mvula muziwasiya atsuke denga. Ndipo diramu livundikiridwe nthawi zonse, apo ayi mwatsegula fakitale ya udzudzu pakhomo pomwe ana amagona.

M'chilimwe gwiritsani madzi amene mwatsukira mpunga, masamba, kapena otsukuluzira mbale komaliza. Madzi a sopo wa ufa wochapira zovala ndi a jiki, ayi, amapha dothi. A m'ngalande zodutsa kumunsi kwa zimbudzi, ayi ndithu. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi ndipo inafikanso ku Quelimane. Masamba a pakhomo muziwatsukabe ndi madzi abwino, ndipo madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira Certeza monga zalembedwera pa botolo. Pamwamba pa thumba phimbirani ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe msanga.

Nsabwe za masamba zikabwera, musathamangire mankhwala a m'botolo opanda dzina amene amagulitsidwa pamsika. Pakhonde pamasewera ana. Matumba asanu mutha kuwayendera ndi manja m'mawa uliwonse, kuphwanya nsabwe ndi kutola mbozi. Phulusa, kapena madzi a tsabola wosinja ndi kasopo pang'ono ka mtanda, zimathandiza. Manyowa nawo musagule: makoko a nthochi, a mbatata, zotsalira za masamba, phulusa pang'ono, muziunjika m'chidebe chobooka pansi, mukuthira kadothi pamwamba kuti ntchentche zisabwere. Nsima yotsala ndi minga ya nsomba musaikemo, muitana makoswe.

Ndibwerere ku chimanga, poti ndanena kuti sichimera pakhonde. Simungachilime, koma mungachigule mwanzeru, ndipo apa ndi pamene pagona ndalama zenizeni. Tonse timaona njinga zikutsetsereka kupita ku Muloza zitasenza matumba, chaka ndi chaka, chimanga cha ku Milange chikukadyetsa Mulanje, Thyolo mpaka Blantyre. M'miyezi ya Meyi ndi Juni chimakhala chotsika mtengo, aliyense akugulitsa. Pofika Januwale ndi Febuluwale munthu wa m'tauni muno akugula chimanga chomwecho pa kambale, mtengo utakwera moti umaluma. Wa lendi ndiye amavutika koposa, chifukwa alibe nkhokwe yothawirako. Ndiye ndikuti nkhokwe yanu ikhale pakona pa chipinda. Matumba awiri kapena atatu ogula nthawi yokolola amakuwolotsani miyezi yowawayo.

Mukuti ndalama yogulira matumba atatu nthawi imodzi ichokera kuti? Ambiri muno muli mu xitique, chimene anzathu a kutsidya amati chipereganyu, ena muli ku banki m'khonde. Pemphani kuti ulendo wanu wolandira ugwe mwezi wa Meyi kapena Juni, ndipo ndalamayo isapite ku kapulana kapena foni. Palinso china. Kuno timagwira ndalama ziwiri, metikali ndi kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasunga makwacha pansi pa matiresi anadzuka atasauka. Amene anasunga thumba la chimanga kapena la nandolo, thumba lake linali lomwelo.

Koma kusunga chimanga m'chipinda chogona kuli ndi malamulo ake. Chikhale chouma kwenikweni: mukachiluma chizilira kuti khwa. Njira ina, ikani njere m'botolo louma ndi mchere wouma, mukhutchumule. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume, chiyanikeninso. Chonyowa chimachita chuku, ndipo chuku cha chimanga ndi mtedza chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi. Thumba lisakhudze pansi kapena khoma, liikeni pa njerwa ndi matabwa. Za anankafumbwe, njira yabwino kwa munthu wogona ndi chimanga chake ndi matumba osalowa mpweya aja, a PICS ndi ena otero, okhala ndi mapulasitiki mkati. Mukamanga bwino, tizilombo timafa tokha posowa mpweya, popanda mankhwala. Chigubu cha malita 20 chouma, chotseka bwino, chimachita chimodzimodzi ndi nyemba. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi mapiritsi ofukizira aja amene ena amagulitsa mobisa. Amatulutsa mpweya wakupha. Anapangidwira nyumba zosungiramo katundu, osati chipinda chimene mwana akugona pamphasa pafupi ndi thumba.

Kumbukirani Freddy. Namondweyu anafika kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, mvula nkugwa masiku otsatizana, misewu ndi milatho nkuduka mbali zonse ziwiri za malire. Masiku otero ndalama ili m'thumba sithandiza ngati kumsika kulibe kanthu. Chimene chinathandiza mabanja ndi ufa umene unali m'nyumba, nyemba, ndi mfutso. Mfutso, amayi, tisausiye kuti ndi wa agogo. Nthawi ya dzinja nkhwani ndi khwanya zimachuluka mpaka kutayidwa. Fwafwazani pang'ono, yanikani, makamaka pa mthunzi podutsa mphepo kuti zisataye mphamvu yambiri, musunge m'chikwatu kapena m'chitini chotseka. Tomato akatsika mtengo, mudulenidule, muyanike. Sizitenga malo, chitini chimodzi pa alumali.

Makala. Mu Januwale 1998 phiri la Tumbine linagumuka usiku ndi mvula, miyala ndi matope zinatsikira kuno, anthu ambiri anafa. Akuluakulu muno mukudziwa, ena munataya abale. Phiri likamavulidwa mitengo, dothi lake silikhala ndi chogwira, ndipo thumba lililonse la makala limene timagula m'tauni lili ndi kumene lachokera. Sindikuti lekani kuphika. Ndikuti nyemba zisamadye makala a tsiku lonse. Zinyikeni usiku. M'mawa ziwire pamoto kwa kanthawi, kenaka chotsani poto ali chiwirire, mumukulunge ndi bulangete lakale, mumuike mu dengu kapena m'katoni yodzaza ndi nsanza kapena udzu wouma, muvundikire. Pitani ku geni. Pobwera masana nyemba zapsa kapena zatsala pang'ono. Mbaula ya dothi ngati Chitetezo Mbaula ya kutsidyaku imadyanso nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Ndipo mu Juni kukazizira, mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Utsi wake suoneka, sununkha, munthu amangogona osadzukanso.

Ziweto ndidutsapo msanga, chifukwa pa lendi ndi pamene pamayambira mikangano. Nkhumba iwalani: fungo, madzi ambiri, ndiponso chigodola chikabwera chimasesa khola lonse. Akalulu ndiwo oyenera malo ochepa. Khola la m'mwamba, amadya chisoso ndi makoko, salira, bere lawo ndi la mwezi umodzi, ndipo ndowe zawo ndi manyowa abwino a matumba aja. Nkhunda nazo sizivuta. Nkhuku zitatu kapena zinayi n'zotheka ngati zili m'khola, koma zitemereni chitopa. Katemera wa I-2 ndi kadontho kamodzi m'diso, katatu pa chaka, Malichi, Julayi ndi Novembala. Funsani alangizi a ziweto. Nkhuku yongoyendayenda idzadya repu wanu woyamba, kenaka wa aneba.

Mawu aneba andifikitsa pa eni nyumba. Musadzaze thumba ndi limodzi lomwe musanalankhule nawo. Pitani mwaulemu, muwauze kuti ndi matumba angati, aima pati, madzi ake sadzanyowetsa khoma. Ngati n'kotheka pakhale mboni, kaya mkulu wa nyumba khumi kaya neba wachikulire, makamaka pa nkhani ya diramu ndi khola, kuti tsiku losamuka pasadzakhale zoti ichi n'changa. Thumba litalikirane ndi khoma, chifukwa njerwa zosawotcha zikamwa madzi mlandu wake ndi waukulu kuposa mtengo wa masamba. Mukathyola koyamba, kamtolo kamodzi kapite kwa eni nyumba, kena kwa neba wa khomo loyandikana. Neba amene wadyako ndiye adzakuthamangitsireni mbuzi inu muli kumsika, ndipo ana ake sadzazula mbande. Kwa inu eni nyumba amene muli muno, poti ndikuona ena: wa lendi amene ali ndi ndiwo pakhomo ndi amene amalipira pa nthawi yake. Muganizirepo musanakane.

Abambo, ntchitoyi tisawasiyire amayi okha. Mayi wadzuka 4 koloko kukatunga madzi, wapita kumsika, waphika, ndiye tiziti athirirenso matumba ife tili pa bawo? Kunyamula dothi ndi miyala, kukhoma khola, kumanga ngalande ya pa denga, zimenezo ndi zathu. Inunso anyamata a njinga, pobwera kumidzi kumene mwakasiya katundu kapena munthu, musamabwere chimanjamanja; kathumba ka manyowa a mbuzi amakupatsani ulere.

A tcheyamani, pempho langa ku makalabu ndi ili. Paketi imodzi ya mbewu ya repu ili ndi njere zambiri zoti banja limodzi silingamalize, ndiye kalabu iliyonse ikhale ndi nazale imodzi kwa membala amene ali ndi kampanda, mbande muzigawana. Mabanja asanu pa kalabu ayambe ndi matumba atatu atatu. Mlembi alembe m'kope ndalama imene banja lililonse likuwononga pa ndiwo mwezi uno, adzalembenso mwezi wachitatu, ndipo makope amenewo mudzabwere nawo ku msonkhano wotsatira kuti tidzawerenge pa wailesi, zabwino ndi zolephera zomwe. Thumba, chitini ndi miyala ndabwera nazo, zili panja pansi pa mtengo wa mango; tikatha mafunso tidzaze limodzi kuti aliyense aone ndi maso. Amayi a kumbuyoko munakweza dzanja kalekale, yambani ndinu.